Lipoti: anapiye a masabata atatu ogwa chagada pa khomo limene nkhuku zazikulu sizinadwale

Lipoti ili ndi la khola la mayi wina woweta nkhuku kunja kwa mzinda wa Lilongwe, mbali ya msewu wa ku Mchinji. Ndalilemba kaamba ka anzanga ogwira ntchito ya zaziweto komanso alimi amene amasakaniza okha chakudya cha nkhuku. Nthenda yake, kufewa kwa ubongo chifukwa chosowa vitamini E, si yachilendo m'mabuku, koma kumudzi ndi m'matauni imaphonyeka kawirikawiri chifukwa nkhuku ikangopinda khosi, aliyense amathamangira kunena kuti ndi chitopa.

Mmene zinthu zinalili pakhomo

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mayiwa anali ndi magulu atatu a nkhuku. Loyamba linali la anapiye a nkhuku za nyama 300, amasiku 19. Lachiwiri linali la nkhuku zoikira mazira pafupifupi 80 zimene zinali zisanakwanitse chaka. Lachitatu linali la nkhuku za Mikolongwe zochepa, zazikazi zokalamba za zaka zitatu kapena kupitirira, pamodzi ndi tambala mmodzi. Izi ankazisungira mazira oswetsa, ndipo ankazitsekera m'khola poopa akuba ndi agalu a oyandikana nawo.

Sabata yoyamba anapiye anadya chakudya chogula cha m'thumba. Mtengo utawakulira, mayiwa anayamba kuwapatsa chosakaniza okha: chimanga chogaya, madeya, soya wokazinga n'kugayitsa ndi mafuta ake omwe, zotsalira za mpendadzuwa akafinya mafuta, ndi fumbi la usipa logula ku msika. Premix, ufa wogula wa mavitamini ndi michere ina yofunika m'thupi, sanaikemo. Nkhuku zazikulu zinkadya chosakaniza chomwecho, kungowonjezerako laimu chifukwa cha zikamba za mazira.

Pa tsiku la 16 anapeza anapiye angapo akuyenda ngati miyendo yawakana. Pofika tsiku la 19 anali atafa 14, ndipo ena oposa 20 anali chigonere.

"Adokotala, katemera ndinapereka ndithu, kabotolo ndi aka," anatero mayiwa, akundionetsa kabotolo ka LaSota, katemera wa chitopa. "Nanga chitopa chalowa bwanji?"

Ndinawafunsa ngati nkhuku zazikulu zikudwala. Anati ayi, zikudya bwino, mazira zikuikira. Yankho limeneli ndi limene linatsogolera kufufuza konse.

Zimene ndinaona pa anapiye amoyo

Anapiye odwala sanali owonda. Ambiri anali aakulu bwino, ena mwa iwo ndi amene ankatsogola kukula m'gulumo. Ndinanyamula mmodzi n'kumuimika pa utuchi. Anaima pang'ono, n'kudzandira, kenako n'kugwa chammbali. Miyendo inatambasuka, zala zitapindika, mutu utakokera kumsana. Atamva phokoso la chidebe, anayamba kupalasa miyendo mwamphamvu ngati akufuna kuthawa, mapiko akunjenjemera. Maso anali oyera, mphuno zouma. M'khola monse simunamveke kutsokomola kapena kupuma kwa phokoso, ndipo zitosi sizinali zobiriwira zamadzimadzi. Nditamuyandikizira madzi, anamwa. Njala ndi ludzu anali nazo, chimene chinamukanika ndi kulamulira thupi lake.

Atatu mwa odwalawo anali ndi chizindikiro china. Pansi pa mapiko ndi pachifuwa khungu linali lotupa, lofewa, looneka lobiriwira mopita ku buluu, ndipo ankaima atatangadza miyendo.

Kutumbula

Ndinatumbula anapiye amene anali atangofa kumene ndi ena awiri odwalitsitsa amene tinawapha. Kummero ndi m'mapapo munali bwino. Kathumba ka chakudya kamene kali patsogolo pa nthutumba kanalibe timadontho ta magazi timene timapezeka pa chitopa. M'matumbo munalibe zilonda. Chiwindi sichinali chotuwa kapena chotupa monga chimakhalira nkhuku ikadya poizoni wa chuku.

Vuto linali m'mutu. Amene satsegula chigaza sangaione nthendayi, ndipo ambiri aife tikatumbula nkhuku timathera m'mimba. Pa mwanapiye wa msinkhu uwu fupa la mutu ndi lofewa, lumo wamba imalidula. Nditachotsa chivindikiro cha chigaza, ubongo waukulu wakutsogolo unali wabwinobwino. Kaubongo kakang'ono kakumbuyo, cerebellum, kamene kamayendetsa kuima ndi kuyenda, kanali kotupa. Timizere take timene timaoneka bwino pa mwanapiye wathanzi tinali titafafanizika. Pamwamba pake panali timadontho tofiira ta magazi, ndipo nditakakhudza ndi nsonga ya lumo kanaphwanyika mosavuta. Mwa mmodzi amene anadwala masiku angapo, mbali ina ya kaubongoka inali itasanduka yachikasu mobiriwira, kusonyeza kuti minofu yake inafa kale.

Mwa amene ndinatumbula pa otupa aja, nditang'amba khungu la pachifuwa munatuluka madzi onanda obiriwira.

Zidutswa za ubongo ndinaziika mu formalin, mankhwala osungira minofu kuti isaole, n'kutumiza ku labotale. Zotsatira zinatsimikiza zimene maso anaona: timitsempha ta magazi ta mu cerebellum tinali titatsekeka, ndipo maselo ozungulira anali atafa. Iyi ndi encephalomalacia, kufewa kwa ubongo chifukwa chosowa vitamini E. Alwin Pappenheimer ndi Marianne Goettsch anaifotokoza koyamba mwa anapiye mu 1931 ku Columbia University. Kutupa kwa pansi pa khungu kuja ndi exudative diathesis, imene imabwera vitamini E ndi selenium (mchere wina wochokera m'nthaka umene thupi limafuna pang'ono) zikasowa pamodzi.

Matenda ena ndinawachotsa motere. Chitopa sichisankha msinkhu, chikanagwira nkhuku zazikulu zomwe. Avian encephalomyelitis, nthenda ya kachilombo yogwira ubongo, imanjenjemeretsa mutu ndi khosi, ndipo siisiya zilonda zooneka ndi maso mu ubongo. Matenda a Marek kawirikawiri amabwera nkhuku zitakulirapo ndipo amatupitsa mitsempha ya m'miyendo. Kusowa riboflavin (vitamini B2) kumapinda zala koma mwanapiye amakhala ndi mutu wabwino.

Chakudya

Thumba la chosakaniza linali m'kanyumba ka malata, litatsamira khoma loyang'ana dzuwa. Mayiwa anasakaniza chambiri nthawi imodzi kumayambiriro kwa Seputembala, pofuna kupulumutsa ndalama ya chigayo ndi ya thiransipoti. Nditapisa dzanja pakati pa thumba munali motentha. Chakudya chinkamata m'manja, ndipo fungo lake linali lija la mafuta okhalitsa, lopweteka kukhosi. Chuku munalibe.

Soya wogayidwa ndi mafuta ake, mpendadzuwa ndi madeya zili ndi mafuta ambiri a mtundu wa linoleic. Mafuta amenewa akakumana ndi mpweya ndi kutentha amayamba kuwonongeka, ndipo kugaya kumafulumizitsa chifukwa mpweya umafika paliponse. Fumbi la usipa lili ndi mafuta osachedwa kuwonongeka kuposa pamenepo. Vitamini E amene ali m'chakudya amathera pomwepo, polimbana ndi kuwonongekako, nkhuku isanadye n'komwe. Choncho mwanapiye amalandira zoipa ziwiri nthawi imodzi: mafuta ofuna chitetezo chambiri, ndi chakudya chimene chitetezo chake chinatha kale. Kafukufuku wakale anasonyeza kuti mafuta a linoleic ndi amene amayendera limodzi ndi kufewa kwa ubongo, ndiye sindinaloze usipa wokha monga mmene mayiwa ankaganizira.

Pa selenium, nthaka yathu ili ndi mbali yake. Kafukufuku wa Allan Chilimba ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti chimanga cholimidwa m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa, kupatula cha m'dothi lina lakuda la m'chigwa cha Shire. Chakudya cha chimanga ndi madeya a kuno ku chigawo chapakati chopanda premix chimayamba kale chili chopereŵera.

Chifukwa chake anapiye okha

Funso la mayiwa linali lomveka. "Nanga zazikuluzi, adokotala, si zikudya chomwechi?"

Thupi la nyama iliyonse yopuma mpweya limatulutsa tizinthu towononga totchedwa ma free radical pamene maselo akupanga mphamvu. Tizinthu timeneti timalanda tizigawo ting'onoting'ono totchedwa ma electron kwa chilichonse chimene takumana nacho, makamaka mafuta a m'zikuta za maselo. Mafuta amodzi akawonongeka amawononga oyandikana nawo, ndipo zimapitirira choncho mpaka china chake chitaimitsa. Zoimitsa zake ndi ma antioxidant, ndipo zilipo za mitundu iwiri. Zina thupi limapanga lokha: superoxide dismutase, imene Joe McCord ndi Irwin Fridovich anaizindikira mu 1969, catalase, glutathione, ndi glutathione peroxidase, imene mu 1973 inapezeka kuti siigwira ntchito popanda selenium. Nkhuku imapanganso vitamini C mu impso zake, ndipo ili ndi uric acid wambiri m'magazi, amenenso amateteza. Zina zimachokera m'chakudya: vitamini E, amene amakhala mkati mwa mafuta a chikuta cha selo n'kudula kuwonongeka kuja, ndi ma carotenoid amene amapatsa dzira chikasu chake.

Kuchuluka kwa zonsezi sikukhala chimodzimodzi moyo wonse wa nyama. Dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21. M'sabata yomaliza mwanapiye amakoka vitamini E ndi ma carotenoid kuchokera m'chikasu cha dzira n'kuzisunga m'chiwindi chake. Izi zili ndi chifukwa: chakumapeto amaboola kachipinda ka mpweya n'kuyamba kupuma ndi mapapo, ndipo okosijeni wofika m'thupi amachuluka mwadzidzidzi. Amaswa chiwindi chili chodzaza, chachikasu. Ameneyu ndi kamba wa paulendo amene make anam'mangira. Peter Surai ndi anzake, amene anafufuza kwambiri nkhaniyi ku Scotland, anasonyeza kuti vitamini E wa m'chiwindi amatsika kwambiri m'masiku khumi oyamba. Matumbo a mwanapiye nawo amakhala asanakhwime pa kuyamwa mafuta ndi mavitamini oyenda ndi mafuta.

Ndiye pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi pamakhala mpata woopsa. Za kwa make zatha, zake sanasunge. Nthawi yomweyo cerebellum ikukula mofulumira, ikumanga zikuta za maselo ndi mafuta osachedwa kuwonongeka, ndipo ubongo mwachibadwa umasunga vitamini E wochepa poyerekeza ndi chiwindi. Nkhuku ya nyama yamakono imakula mothamanga kwambiri, n'chifukwa chake anapiye aakulu ndiwo anayamba kugwa. Mabuku amati nthendayi imaoneka kwambiri pakati pa masiku 15 ndi 30. Pakhomo pano inayamba pa tsiku la 16, patapita sabata imodzi ndi theka chisinthireni chakudya.

Nkhuku zoikira zija zinali pa msinkhu umene chitetezo chimakhala pachimake. Ubongo unamaliza kukula, ma enzyme akugwira ntchito mokwanira, ndipo m'mafuta a thupi muli vitamini E wosungidwa kuyambira kale. Nkhuku yaikulu imatha miyezi ikudya chakudya chopereŵera vitamini E osaonetsa kanthu kunja. Kusadwala kwake sikutsimikiza kuti chakudya ndi chabwino, ndipo alimi ambiri amanyengeka pomwepa: amayesera chosakaniza chatsopano pa nkhuku zazikulu, akaona kuti zili bwino amapatsa anapiye.

Nkhuku zokalamba

Nditafunsa za nkhuku za Mikolongwe, mayiwa anati zili bwino, kungoti masiku ano mazira sakuswa. Nkhuku imene kale inkatulutsa anapiye pafupifupi onse tsopano inkatsala ndi mazira ambiri osukusa. Mazira otsala a nkhuku imene inali itangotuluka pa chisa anali asanatayidwe. Tinawaswa panja. Ena analibe tambala. Ena anali ndi mzere wa magazi wozungulira, chizindikiro chakuti mwanapiye anayamba kupangika n'kufa m'masiku oyambirira.

Kutentha kwa Okutobala ndi ukalamba wa tambala zimachepetsa kuswa paokha, ndipo apa zinathandizira. Komabe kusowa vitamini E kumadziwika kuti kumapha mwanapiye m'masiku oyamba a m'dzira, komanso kumawononga mbewu ya tambala, imene ili ndi mafuta ambiri osachedwa kuwonongeka. Vitamini ameneyu anadziwika poyamba kudzera pa kubereka komweku: Herbert Evans ndi Katharine Bishop anamupeza mu 1922 ataona kuti makoswe osowa chinthu china m'chakudya sankasunga bere. Nkhuku yaikazi imaika m'dzira chimene ili nacho. Ikakhala yoperewera, yoyamba kulipira ndi mwanapiye wa m'dziralo.

Pa ukalamba anthu amakonda kunena mwachidule kuti ma antioxidant amatsika. Zoona zake ndi zosokonekera kuposa apo. Ofufuza akayeza superoxide dismutase kapena catalase mwa nyama zokalamba, amapeza kuti m'chiwalo china yatsika, m'china sinasinthe, m'china yakwera, malinga ndi mtundu wa nyama komanso ngati ndi yaimuna kapena yaikazi. Chimene chimaoneka mobwerezabwereza ndi chakuti zowonongeka zimaunjikana, glutathione amachepa m'ziwalo zambiri, ndipo thupi limachedwa kuyankha likapanikizika. M'maselo muli puloteni yotchedwa Nrf2 imene imayatsa majini a chitetezo zinthu zikavuta. Mu 2004 gulu la Tory Hagen ku Oregon linasonyeza kuti m'chiwindi cha makoswe okalamba Nrf2 imafooka, ndipo kupanga glutathione kumatsika nayo. Nyama yokalamba tsiku labwino imaoneka ngati ili bwino. Kusiyana kumaoneka pakabwera kutentha, matenda kapena chakudya choipa. N'zimene ndikukhulupirira kuti zinachitika apa: zoikira zazing'ono zinapirira, zokalamba zinaonetsera m'mazira.

Ndiyenera kuchenjeza pa chinthu chimodzi, chifukwa ogulitsa mankhwala amapotoza nkhaniyi. Mu 1956 Denham Harman anapereka ganizo lakuti ma free radical ndiwo gwero la ukalamba, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankayembekeza kuti kuwonjezera ma antioxidant kutalikitsa moyo. Sizinayende choncho. Mbewa za mu labotale zimene anazisintha majini kuti zizipanga ma enzyme a chitetezo ochuluka, zambiri sizinakhale nthawi yaitali kuposa zinzake. Pali mtundu wa mfuko wopanda ubweya wa ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia umene umakhala zaka zoposa 30, pamene mbewa siipitirira zinayi. Rochelle Buffenstein ndi anzake anapeza kuti mfuko ameneyu ali ndi glutathione peroxidase wochepa kwambiri ndi zowonongeka zambiri kuposa mbewa, koma moyo wake ndi wautalibe. Kumbali ina, kafukufuku wa Norton Milgram, Elizabeth Head ndi Carl Cotman pa agalu a mtundu wa beagle anapeza kuti chakudya chowonjezera ma antioxidant chinathandiza agalu okalamba kuphunzira bwino, pamene mwa agalu aang'ono kusintha kunali kochepa. Ine ndimawerenga zonsezi motere: kuwonjezera kumathandiza pamene pali mpata weniweni, kuchiyambi kwa moyo ndi kumapeto kwake, kapena pamene chakudya chaonongeka. Kuthira mapaketi a mavitamini m'madzi a nkhuku zathanzi zodya bwino sabata ndi sabata ndi kutaya ndalama.

Chithandizo ndi zotsatira

Chakudya chonse chotsala tinachichotsa tsiku lomwelo. Mayiwa anafuna kupatsa nkhumba za mchimwene wawo, ndipo ndinawaletsa, chifukwa ana a nkhumba nawo amafa mwadzidzidzi ndi matenda a mtima ndi chiwindi akasowa vitamini E ndi selenium. Chinakwiriridwa.

Anapiye anabwerera pa chakudya chogula chatsopano, titaona deti lopangidwira pa thumba. Magulu onse atatu analandira vitamini E ndi selenium wosungunula m'madzi akumwa kwa masiku asanu, motsatira mlingo wolembedwa pa paketi. Apa ndinaumirira kwambiri. Selenium ndi wofunika pang'ono zedi, ndipo pakati pa mlingo wothandiza ndi wakupha mpata ndi waung'ono. Mu 2009 ku Florida mahatchi 21 a masewero a polo anafa atabayidwa mankhwala okhala ndi selenium wochuluka molakwika. Chizolowezi chathu chothirako supuni ina kuti zichire msanga n'choopsa pa mankhwala amenewa. Ndiponso selenium yekha sachiza kufewa kwa ubongo. Amathandiza kutupa kwa pansi pa khungu, koma cerebellum imafuna vitamini E.

Anapiye amene anali atagona chammbali osatha kudzuka tinawapha. Ubongo umene wafa subwerera, ndipo kuwasiya kukanangowazunza ndi ludzu akupondedwa ndi anzawo. Mayiwa zinawawawa, ndipo ndinawamvetsa: aliyense mwa anapiye amenewo anali atadya kale ndalama ya masabata atatu. Amene ankangodzandira tinawapatula pa kona, madzi ndi chakudya zili pafupi. Ambiri mwa awa anachira, ngakhale anatsalira pa kukula.

Odwala atsopano anapitirira kuoneka masiku awiri oyamba, kenako anasiya. Otupa pansi pa mapiko anaphwa m'sabata imodzi. Onse otayika, akufa okha ndi ophedwa, anakwana 41 mwa 300. Otsalawo anagulitsidwa mochedwerako ndi sabata imodzi. Nkhuku za Mikolongwe tinazitsegulira masana kuti zizitola msipu wobiriwira ndi tizilombo m'bwalo lotchingidwa, ndipo mayiwa anabweretsa tambala wamng'ono. Mazira oikiridwa patapita mwezi anaswa bwinoko.

Mayiwa sanasiye kusakaniza okha chakudya, ndipo sindinawauze kuti asiye, poti mtengo wa chogula ndi umene unawakankhira kumeneko. Tinagwirizana kuti anapiye azidya chogula mpaka atakwanitsa masabata anayi. Chosakaniza chizikhala cha nkhuku zokulirapo, chizikhala ndi premix nthawi zonse, ndipo azisakaniza chongokwana masabata awiri, m'nyengo yotentha sabata imodzi. Soya azisungidwa wosagaya, azigayitsa pang'onopang'ono. Matumba achoke m'kanyumba ka malata, aikidwe pa mathabwa m'chipinda chozizira, osakhudza khoma. Mlingo wa mu 1994 wa bungwe la kafukufuku la ku America la National Research Council umati nkhuku ya nyama imafuna vitamini E 10 IU (muyeso wa mavitamini) ndi selenium 0.15 mg pa kilogalamu ya chakudya, koma umenewo ndi mlingo wotsikitsitsa wa chakudya chabwino pa nyengo yabwino. Chakudya cha soya ndi mpendadzuwa wamafuta, mu Okutobala wa kuno, chimafuna vitamini E wochulukirapo, ndipo pogula premix ndi bwino kuwerenga pa thumba kuti alimo wochuluka bwanji komanso kuti anapangidwa liti.